Akuyeza Chiyani pa Malo Athu?

Nkhani yokambidwa kwa akhristu a m'parishi pa maphunziro a ufulu ndi udindo wa nzika

MAU OYAMBA



Lero tikambirana za anthu oyeza malo, amene ambiri timangowatchula kuti masaveya. Palibe amene sanawaonepo. Galimoto imaima pamseu, mumatsika anthu atatu kapena anayi, amaimika makina a miyendo itatu, wina n'kukaima patali atagwira ndodo yolembedwa manambala. Dzuwa lisanalowe, mbiri yamveka kale mudzi wonse kuti malo agulitsidwa. Pamenepo ena amapsa mtima n'kukazula zikhomo usiku. Ena amachita mantha n'kudzitsekera m'nyumba. Enanso amangoti, "N'za Boma zimenezo," n'kupitiriza ulendo wao wa kumsika.

Njira zitatu zonsezi zimatipweteka. Wozula zikhomo angathe kuimbidwa mlandu, ndipo mwina zimene wazulazo zinali za mjigo umene mudzi wakhala ukulirira. Wobisala ndi wosalabadira uja amadzazindikira patapita zaka kuti malire a munda wake analozedwa ndi munthu wina, iye palibe. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito zoyeza malo ndi zosiyana-siyana, ndipo iliyonse ili ndi cholinga chake. Pali kuyeza kumene kumakhudza umwini wa malo, palinso kumene sikukhudza umwini konse. Munthu wodziwa kusiyanitsa amadziwa tsiku loyenera kuthamangira kumunda, ndi tsiku loyenera kungopereka moni ndi madzi akumwa kwa alendowo. Kusiyanitsa kumeneku ndiko tikufuna kuphunzira lero.

CHIFUKWA CHIYANI NKHANIYI YAKULA CHONCHI?

Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Mu 1987 tinafika pafupi-fupi 8 miliyoni, ndipo mu 2018 anatiwerenga 17.5 miliyoni. Koma mtunda wa Malawi, tikachotsapo nyanja, ndi masikweya kilomita pafupi-fupi 94,000, ndipo sunakule ngakhale ndi phazi limodzi.

Kale malire a munda anali mtengo wa mkuyu, chulu, khwawa, kapena mzere wa khonje ndi nkhadze. Zimenezi zinkakwanira, chifukwa malo analipo ambiri ndipo akulu odziwa mbiri ya munda uliwonse anali moyo. Lero mkuyu uja anaudula, chulu anaumbira njerwa, mtsinje unasintha njira, ndipo nkhalamba zodziwa zija zinatsogola. Chatsala ndi mau a uyu ndi mau a uyo.

Kuyeza malo si nzeru yachilendo kwa ife akhristu. M'buku la Yoswa, mutu 18, timamva kuti panali mafuko 7 a Aisraele amene anali asanalandire gawo lao. Yoswa anatuma amuna atatu pa fuko lililonse kuti ayendere dzikolo, alembe m'buku maonekedwe ake, ndi kuligawa zigawo 7. Atabwerera ndi zolemba zao ku Silo, m'pamene dzikolo linagawidwa pamaso pa Chauta. Taonani ndondomeko yake: kuyendera, kulemba, kenaka kugawa poyera. Ndiponso fuko lililonse linali ndi anthu ake pa ulendowo.

Mbiri ya dziko lathu imatisonyeza zimene zimachitika ndondomeko imeneyi ikasokonezeka. Pakati pa 1892 ndi 1894, Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'dzina la Britain, anapereka kwa azungu ndi makampani ao zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo ake anaposa maekala 3 miliyoni. Malire ambiri ankangotchula mitsinje ndi mapiri, midzi ya anthu ili m'kati mwake. Eni nthaka anasanduka alendo ogwira thangata, ndipo thangatayo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Titalandira ufulu, maesiteti a fodya anachuluka kuchoka pa 1,200 mu 1979 mpaka kupitirira 14,000 mu 1989. Ambiri anapatsidwa lizi ndi mapu ongojambula pamanja, malo osayezedwa bwino. Ena analowana malire, ena anameza minda ndi madambo a midzi.

Phunziro lake n'lakuti pepala limapitiriza kulankhula ngakhale amene analilemba atamwalira. Tsono pamafunika kuti lilembedwe zoona, eni ake akuona.

Tiyeni tsopano tione mitundu 6 ya ntchito zoyeza malo.

1. KUYEZA MALIRE A MUNDA KAPENA PULOTI

Uku ndiko kuyeza kumene kumatikhudza koposa. Pa makalata a ku ofesi mudzapeza atakulemba kuti cadastral survey. Cholinga chake ndi kudziwa pamene malo ayambira, pamene alekezera, ndi kukula kwake, kuti alembedwe m'kaundula wa Boma m'dzina la mwini wake.

Saveya amayendera malire pamodzi ndi mwini malo ndiponso anthu oyandikana naye. Pa ngodya iliyonse amaikapo bikoni, kachitsulo kozikidwa mu simenti. Akatero amajambula mapu osonyeza kutalika kwa mbali iliyonse ndi manambala a mabikoniwo. Mapuwo sakhala ndi mphamvu mpaka atavomerezedwa ndi ofesi ya Surveyor General, mkulu wa Dipatimenti Yoyeza Malo, imene ili pansi pa unduna woona za malo. Lamulo loyeza malo la 2016 limanena kuti ntchito imeneyi agwire ndi saveya wa Boma kapena saveya wokhala ndi laisensi. Mnyamata wa pamudzi wodziwa tepi kapena foni angatithandize kudziwa kukula kwa munda kuti tigule feteleza wokwanira, koma pepala lake silingatiteteze ku bwalo la milandu.

Kuyeza kumeneku kumafunika pa nthawi izi:

(a) Pamene munthu, kampani kapena mpingo ukufuna lizi. Kawiri-kawiri lizi ya ulimi imakhala ya zaka 21, pamene ya puloti ya nyumba m'tauni imakhala ya zaka 99.

(b) Pamene malo okhala kale ndi chikalata akugawidwa, monga kwa ana a malemu. Gawo lililonse liyenera kukhala ndi mabikoni ndi mapu ake. Kungogawana pakamwa malo a chikalata chimodzi ndi kusungira adzukulu mlandu.

(c) Pamene mabikoni atayika kapena akukayikitsa. Manambala a bikoni iliyonse amasungidwa ku ofesi, kotero saveya angathe kupeza malo eni-eni pamene inali. Wosuntha bikoni usiku amangodzivuta, ndiponso wapalamula mlandu.

(d) Pamene tikugula puloti m'tauni. Tisanapereke ndalama, tikaone mabikoni ndi maso athu, ndipo tikafunse ku ofesi ya malo kapena ku khonsolo ngati wogulitsayo ndiye analembedwa. Anthu ambiri alirapo atagulitsidwa puloti imodzi anthu atatu.

Tikumbutsanenso za miyezo, chifukwa apa m'pamene ambiri timaberedwa. Hekitala ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Ekala ndi yochepa: pafupi-fupi mayadi 70 mbali ndi mbali. Mu hekitala imodzi muli maekala awiri ndi theka. Chomwecho munthu akatisainitsa kuti tamubwereka mahekitala 2, ife tikuganiza za maekala 2, tapereka maekala pafupi-fupi 5. Tiziwerenga bwino liu limene lalembedwa pambuyo pa nambala.

Nanga malo a makolo?

Ambiri a ife timalima malo a makolo, amene tinapatsidwa ndi mafumu kapena kusiyiridwa ndi akulu a banja. Kuyesa kulembetsa malo otere kunayamba kale. Pa chitukuko cha malo cha ku Lilongwe, chimene chinayamba mu 1968, malo a banja lonse, otchedwa ndunda, ankayezedwa ndi kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira banjalo. Pamene woimirayo anali wokhulupirika, zinthu zinayenda. Pamene anaiwala kuti ndi msungi chabe, abale analira.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la malo a makolo, ndipo linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli limalola munthu, mwamuna ndi mkazi wake pamodzi, banja kapena gulu kulembetsa malo ao ndi kulandira chiphaso. Ntchitoyi inayesedwa poyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndiponso yachitika ku Chikwawa. Kwa gulupu aliyense kumakhala komiti ya malo. Wapampando wake ndi gulupuyo, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Oyeza amabwera ndi zithunzi za dera lonse zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo amayenda munda ndi munda pamodzi ndi komiti, eni minda ndi oyandikana nao. Pambuyo pake mapu ndi maina amapachikidwa poyera kuti aliyense aone ndi kudandaula ngati pali cholakwika. Mikangano imapita ku bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira angathe kupitiriza ku bwalo la pa boma ndi kumtunda kwake.

Pa ntchito imeneyi pali masiku atatu amene sitiyenera kujomba: tsiku losankha komiti, tsiku loyendera malire a munda wathu, ndi masiku amene mapu ndi maina apachikidwa. Ngakhale kuli msika, ngakhale kuli ganyu, tipiteko. Tikaone kuti dzina lalembedwa bwino. Kaya tili pa chikamwini kaya pa chitengwa, tikambirane m'banja, tsikulo lisanafike, maina amene alembedwe, kuti mmodzi akadzamwalira wotsalayo ndi ana asadzapirikitsidwe. Tionetsetsenso kuti manda, msitu wa mudzi, dambo la msipu, njira ya kuchitsime ndi bwalo la mpira zalembedwa kuti ndi za anthu onse, kuopa kuti wina wochenjera angazilowetse m'munda mwake.

Malo a Mpingo nawonso ali m'gulu lomweli. Matchalitchi athu ambiri a m'nthambi, masukulu ndi nyumba za aphunzitsi zili pa malo amene mfumu inapereka pakamwa zaka 50 kapena 60 zapitazo. Mfumuyo inapita, mboni zinapita. Komiti ya tchalitchi ikambirane ndi Bambo Mfumu ndi ofesi ya dayosizi za kuyeza malowo, mafumu ndi oyandikana nafe alipo. Koma potero tiloze pamene tinapatsidwa basi. Mpingo sungalalikire chilungamo Lamulungu, Lolemba n'kumeza mizere ya munda wa mkazi wamasiye.

2. KUYEZA MAONEKEDWE A DZIKO

Mtundu wachiwiri umatchedwa topographic survey. Apa saveya sakufunsa kuti munda ndi wa yani. Akufuna kudziwa pamene pali phiri, chigwa, mtsinje, mseu, mudzi, ndiponso kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Kuyeza kumeneku ndiko kunatipatsa mapu amene timaona kusukulu, ndiko kunatiuza kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere. Pa mapu a Boma olembedwa 1:50,000, masentimita 2 amaimira kilomita imodzi, ndipo mizere yokhota-khota imasonyeza malo ofanana kukwera kwake. Mizereyo ikathinana, pamenepo m'potsetsereka kwambiri. Kale ankajambula zithunzi pa ndege. Lero amagwiritsanso ntchito masetilaiti ndi timandege topanda woyendetsa.

Phindu lake n'lotani kwa munthu wa kumudzi? Mapu otere ndi amene amasonyeza kumene madzi adzadutse mvula ikachuluka. Tikukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015 ku chigwa cha Shire. Tikukumbukira namondwe Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazana-mazana anatisiya m'maboma a kumwera. Madzi saiwala khwawa. Tisanamange sukulu, chipatala kapena tchalitchi, ndi nzeru kufunsa anthu a mapu ngati malowo sali pa njira ya madzi.

Ndipotu kuyeza kumeneku timakuchita kale pang'ono. Pamene alangizi a zaulimi amatithandiza kukhoma zikhomo za akalozera ndi chingwe ndi levulo, kuti mizere itsate kukwera kwa munda ndipo nthaka isakokoloke, nzeru yake ndi yomweyi.

3. KUYEZA KWA ZOMANGA-MANGA

Mtundu wachitatu umatsogolera ntchito zomanga: mseu, mlatho, njanji, damu, ngalande za mthirira, mapaipi a madzi ndi mizere ya magetsi. Chizindikiro chake ndi zikhomo zamatabwa zopakidwa utoto, zolembedwa manambala, zondandalikidwa mumzere. Saveya amayeza kawiri: poyamba kuti amisiri ajambule pulani, kenaka kuti asonyeze omanga pamene akumbe ndi kuya kwake.

Ntchito imeneyi imafuna kusamala kwakukulu. Ngalande yaikulu ya mthirira ya ku chigwa cha Shire, yotenga madzi pa Kapichira, inakonzedwa kuti madzi aziyenda okha motsetsereka, popanda injini. Oyeza atalakwitsa pang'ono, madzi angaime panjira. Njanji yodutsa ku Mwanza ndi Neno kukafika pa Nkaya ku Balaka inatsatanso zikhomo zotere, chifukwa sitima yolemedwa ndi malasha sikwera chitunda chachikulu. Ngakhale pomanga tchalitchi chachikulu pa parishi, amene amaonetsa kuti maziko ali molingana ndi saveya.

Kuyeza kumeneku sikulemba umwini wa malo, koma kungathe kukhala chiyambi cha kusamutsidwa. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa ufulu wathu. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, mu ndime 28, amaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa. Ndime 44 imalola Boma kutenga malo pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, litadziwitsa eni ake nthawi yabwino ndi kupereka chipukuta misozi choyenera, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita ku khoti.

Tidziwenso kuti woyeza malo ndi wowerengera mtengo wa katundu ndi anthu awiri osiyana. Saveya amanena kukula kwa malo amene akhudzidwa. Wowerengera amalemba nyumba, nkhokwe, mitengo ya mango, nthochi, nsungwi, chitsime ndi zina. Pa tsiku lowerengera tikhalepo, tiwerenge nao limodzi, tilembe m'kope mwathu, ndipo tipemphe pepala lathu. Tisasaine pa fomu yosalembedwa kanthu. Komanso ife tisachite chinyengo chomanga zisakasa usiku kapena kuzika nthambi kuti ziwerengedwe ngati mitengo. Ndalama zimenezo ndi misonkho ya tonse.

4. KUYEZA ZA PANSI PA NTHAKA

Mtundu wachinayi umafufuza zimene maso sangaone. Tikaona anthu akukhoma tizitsulo pansi mumzere, n'kulumikiza mawaya ku kabokosi, kawiri-kawiri amakhala akufuna madzi. Amalowetsa magetsi ochepa m'nthaka, ndipo mmene magetsiwo ayendera amadziwa pamene pali thanthwe louma ndi pamene pali ming'alu yosunga madzi. Mudzi ukakakamira kuti mjigo ukumbidwe pakhomo pa munthu wolemekezeka, osatsata zimene oyeza apeza, umatsala ndi dzenje louma.

Ena amafufuza miyala ya mtengo wapatali. Likulu la Boma la ntchito imeneyi lili ku Zomba. Mu 2013 ndi 2014 ndege zinkauluka motsika m'dziko lonse pa ntchito yotchedwa Kauniuni, ndipo zotsatira zake zinaulutsidwa mu 2015. Makampani akhala akufufuza pansi m'malo monga Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe ndi phiri la Songwe ku Phalombe. Miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko lonse, ndipo chilolezo chofufuza chimachokera ku Boma. Koma chilolezo chofufuza miyala si chikalata cha umwini wa munda wathu. Akaononga mbeu kapena mitengo pokumba maenje, ayenera kulipira. Ndipo popeza kufufuza kungabale mgodi, ndipo mgodi ungabale kusamuka, nthawi yabwino yofunsa mafunso ndi pachiyambi pomwe, osati makatapila atafika.

5. KUYEZA NYANJA NDI MITSINJE

Pansi pa nyanja palinso mapiri ndi zigwa. Nthambi ya Dipatimenti Yoyeza Malo ya ku Monkey Bay imayeza kuya kwa madzi ndi kujambula mapu a nyanja ya Malawi, imene kumpoto imazama mamita pafupi-fupi 700. Mapu amenewa amathandiza sitima monga Ilala kupewa miyala ndi mchenga, ndiponso amathandiza pomanga madoko. Kukwera ndi kutsika kwa nyanja ndi mtsinje wa Shire kumayezedwanso, chifukwa magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira madzi amenewa. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete. Amene timakhala kunyanja titengepo phunziro pa malo omangapo.

6. KUYEZA MAZIKO A MAPU NDI MALIRE A DZIKO

Pamwamba pa mapiri ambiri pali zipilala za simenti zokhala ndi kachitsulo pamutu. Zimenezi ndi maziko a mapu onse a dziko lino. Malo a chipilala chilichonse anayezedwa mosamala kwambiri, ndipo miyezo ina yonse imamangirira pamenepo, monga mmene nyumba imatsamira pa nsichi. Popanda maziko amodzi, mapu a munda wathu ndi mapu a munda wa mnzathu sangagwirizane. Ena amaswa zipilalazi poganiza kuti azungu anabisamo chuma. Mulibe kanthu koma simenti ndi chitsulo, ndipo woswayo waononga katundu wa dziko.

Masiku ano oyeza amagwiritsanso ntchito GPS, makina olandira mauthenga kuchokera ku masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupi-fupi 20,000 kumwamba. GPS ya mu foni imaphonya ndi mamita angapo, pamene ya saveya imaphonya ndi masentimita ochepa chabe. Pa malire a puloti, mamita atatu ndi chimbudzi chonse ndi khitchini.

Malire a maiko amayezedwanso ndi anthu omwewa. Malire athu ndi Mozambique anachokera pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891. Amene amayenda pa mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti m'malo ambiri mbali ina ya mseu ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique. Oyeza a dziko lino akhala akugwira ntchito limodzi ndi anzao a ku Zambia ndi Mozambique kutsimikiza malire ndi kuika zipilala zatsopano. Kwa akhristu a m'maparishi a m'malire, amene ali ndi abale ndi minda mbali zonse ziwiri, ndi bwino kupezeka pa misonkhano yofotokoza ntchito imeneyi.

ZIMENE SAVEYA SANGACHITE

Titamva mitundu yonseyi, tisunge mfundo imodzi. Saveya si mfumu, si woweruza, ndipo sagawa malo. Makina ake amadziwa kutalika, koma sadziwa kuti munda uwu agogo anapatsa yani. Iye amayeza pamene walozeredwa. Akalozeredwa zoona, pepala lidzasunga zoona. Akalozeredwa bodza, pepala lidzasunga bodza, ndipo kulifafaniza kudzadya zaka ndi ndalama zimene munthu wosauka alibe. Pamene pali mkangano wa umwini, uyenera kuyamba watha ku bwalo, kuyeza kutsate pambuyo.

Tsono oyeza akafika m'mudzi mwathu, tisawatukwane, tisawathawe. Tiwalandire mwaulemu pamaso pa mfumu, ndi kuwafunsa mafunso awa:

1. Mwachokera ku ofesi iti, ndipo wakutumani ndani? Tionetseni chitupa ndi kalata.

2. Mukuyeza chiyani: malire a malo, maonekedwe a dziko, njira ya chomanga, kapena za pansi pa nthaka?

3. Kodi a DC, mfumu yaikulu ndi komiti ya malo akudziwa?

4. Ngati ndi malire, wapempha ndani, ndipo oyandikana naye aitanidwa?

5. Zotsatira zake tidzazionera kuti, liti, ndipo wodandaula apite kwa yani?

Saveya woona sakwiya ndi mafunso amenewa. Mayankho ake alembedwe m'buku la mudzi kapena la Mphakati, pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya galimoto. Ngati mayankho sakumveka, mfumu ndi anthu awiri kapena atatu apite ku ofesi ya malo ya pa boma kukafunsa, ntchito isanapitirire.

UDINDO WATHU MONGA AKHRISTU

Mau a Mulungu sanyalanyaza nkhani ya malire. Buku la Deuteronomo, mutu 19 ndi mutu 27, limaletsa kusuntha malire a mnzathu, ndipo limaika tchimo limeneli pakati pa machimo oitana temberero. Buku la Miyambo, mutu 23, limalumikiza malire akale ndi minda ya ana amasiye, ndi kutichenjeza kuti anawo ali ndi Mtetezi wamphamvu. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, timamva za Naboti, amene anakana kupereka munda wa makolo ake kwa mfumu Ahabu. Munda umenewu unalandidwa ndi makalata odindidwa chidindo cha mfumu ndi mboni ziwiri zonama, akulu a mzinda akuvomereza. Zinthu zinaoneka ngati zatsata ndondomeko, koma Chauta anatuma Eliya.

A Naboti a lero tikuwadziwa. Ndi amayi amasiye amene alamu ao amati, "Khalani pakhomo, tikalozera ndife." Ndi ana amasiye amene sanakule kufika poyankha pabwalo. Ndi nkhalamba zosatha kuyenda, olumala, osadziwa kuwerenga, ndi abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku maesiteti pa tsiku loyeza. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye linanena kuti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Koma lamulo lili m'buku, ndipo pa tsiku loyeza pamafunika munthu woima pamalire.

Apa m'pamene Mphakati uli ndi ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Tilembe maina a amasiye, okalamba ndi odwala a mu Mphakati wathu. Tisankhe anthu awiri owaperekeza pa tsiku loyendera malire, ndi wodziwa kuwerenga wokawawerengera maina pamene apachikidwa. Amayi a m'mabungwe athu alolere kusankhidwa mu komiti ya malo, ndipo akalowamo alankhule. Akhristu amene ndi mafumu, a m'komiti kapena ogwira ntchito m'maofesi a malo akane mbuzi ndi envulopu.

Tidziyang'anenso tokha. Kusuntha malire sikuchitika ndi anthu olemera okha ai. Khasu lathu likamadya mzere umodzi wa mnzathu chaka chilichonse, pa zaka 10 tamubera mizere 10. Mboni yonama pa malire yaphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu nthawi imodzi. Amene tikudziwa kuti tinalumpha malire, tibweze oyeza asanafike.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Ndi mitundu iti ya kuyeza malo imene inachitikapo m'dera lathu? Kodi tinadziwa cholinga chake?

2. Kodi kwa gulupu wathu kuli komiti ya malo? Muli ndani? Amayi alimo angati?

3. Ndani mu Mphakati wathu amene angataye malo chifukwa chosowa womuimira? Timuthandiza bwanji?

4. Kodi malo a tchalitchi chathu, sukulu ndi manda ali ndi malire odziwika ndi ovomerezedwa ndi oyandikana nafe?

5. Pali mkangano wa malire pakati pa akhristu a mu Mphakati wathu umene tingathandize kuthetsa mwezi uno?

Tikupempha alembi a Miphakati kuti abweretse mayankho a mafunsowa pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya parishi, kuti tione pamodzi poyambira.

Ambuye, mwini wake wa dziko lapansi ndi zonse zili m'menemo, atipatse mtima woloza zoona ndi mphamvu zoimira ofooka.